Zovala za Hector Pachingwe

Lolemba, 9 Okutobala 1978. Glen Norah.

Kutentha. Sopo kulibe kusitolo, akuti mwina Lachitatu.

Lero ndatsegula wadiropu kumbali ya Hector, koyamba chichokereni mwanayo. Fungo la mafuta ake a tsitsi, ndi fodya yemwe ankalumbira kuti sasuta. Ndinayamba ndakhala pansi.

Watenga zochepa. Juzi yobiriwira, buluku limodzi, nsapato za tenesi. Chitupa wasiya m'dilowa pansi pa masokosi. Ndiye kuti kumene wapitako safunsa chitupa. Tikudziwa tonse awiri, ine ndi abambo ake, koma dzina la dzikolo m'nyumba muno sititchula. Timangoti "kuja".

Mwana akawolokera kwa anyamata a nkhondo, makolo ndiwo amakayankha kupolisi. Bambo wina wa mzere wakumusi anabwerako osatha kukhalira matako. Ife ndiye achilendo, eni dziko amatitcha mabhurandaya, sangatichedwere. Nyumba ndi ya kanselo. Atilanda, atikweza lole mpaka kumalire. A Zakaria, amuna anga, zaka zonse zija akunyamula mbale za azungu kuhotelo, penshoni ili pamphuno. Ku Dedza tikagogoda pakhomo pa yani? Otidziwa onse ali kumanda.

Ndiye pali a Alufandika okonza mawailesi, moyang'anizana nafe. Tsiku lonse pakhonde, manja pa wailesi, maso kuno. Dzulo akuti, "Amake Hector, chingwe chanu chasauka bwanji masiku ano. Malaya achikasu aja sitikuwaonanso." Anthu amati amagulitsa anzawo. Ine sindikudziwa. Koma munthu wamwamuna wodziwa malaya a eni pachingwe?

Ndaganiza. Hector alipo. Akudwala maso, satuluka masana. Zovala zake zizichapidwa ngati kale.

Ndatulutsa zonse n'kuyala pabedi. Kumanzere kwa wadiropu zimene "sanavale", kumanja zimene "wavala". Mabuluku pa mahang'ala, malaya pashelefu yapakati, zamkati m'dilowa. Ali pano sizinakhalepo mwadongosolo chonchi. Ankangoponya n'kutseka ndi bondo.

Lachinayi, 12 Okutobala.

Sopo wabwera. Wolimba ngati njerwa, thovu lake lochita kupempha.

Ndachapa zakumanja, ndayanika kutsogolo, osati kuseri. Malaya achikasu pakati penipeni. A Alufandika anaona, ndinawaona akuona.

Koma Mai Augusta a nyumba yoyandikana anasuzumira m'beseni kudzera pampanda. "Mwana wenyu haana tsvina?" Chishona chawo chija, akuti kodi mwana wanu alibe litsiro. Madzi ali mbee, oti n'kuphikira tiyi. Ndinati odwala maso satuluka thukuta. Anati sanamvepo.

Zovala zikufunika munthu wozidetsa.

Loweruka, 14 Okutobala.

A Zakaria anakana. "Ine mkulu wa mpingo ndivale malaya a maluwa?" Ndinawakumbutsa za lole.

Tapangana. Akaweruka azivala malaya amodzi a Hector, adyere momwemo, akhale pafupi ndi mbaula. Mabatani sakufikana. Mimba panja, manja olendewera ngati nkhuku yonyowa. Anapemphera pachakudya ali choncho, ine maso otsinzina, mapewa akugwedezeka.

Thukuta ali nalo, Mulungu anawapatsa. Kolala yada bwino kwambiri.

Lachitatu, 18 Okutobala.

Zovala zokha sizikwanira, akuti a Zakaria, tsopano nzeru zawabwerera. Munthu azionekako. Madzulo dzuwa litapendeka anavala buluku lija lotambalala kumiyendo, ana amati revo, chipewa mpaka m'maso, magalasi akuda, ndi nsapato zazitali zija ngati zidutswa za mtondo. Zipi ndinamanga ndi chingwe kumbuyo kwa malaya. Ati ayende kuchokera kukhitchini kufika kuchimbudzi, msana kumsewu.

Kupita anapita. Pobwera anafuna kuwonjeza, kuyenda monyang'wa ngati mwini wake. Phazi linapindika. Anagwera m'bedi la repu, osakuwa, chifukwa mawu akanawagwiritsa. Anakwawa mpaka pakhomo ali chete, misozi ili mbwembwembwe.

Kuhotelo akanena kuti anagwa panjinga. Repu yatha.

Lamulungu, 22 Okutobala.

Kutchalitchi apempherera maso a Hector. Abusa anatchula Batumeyo. Amayi a chigwirizano akufuna kubwera kudzamuimbira. Ndati adokotala aletsa, phokoso limapita m'maso. Apereka malalanje m'thumba. A Zakaria adya, makoko ndataya poonekera.

Poimba nyimbo yotsekera ndinangoona mutu wake pabenchi ya anyamata, pomwe ankakhala. Khosi lalitali lija. Sindinamalize vesi.

Kodi kuja kuli sopo?

Lachiwiri, 31 Okutobala.

Atibera. Masana dzuwa lili pamutu, ine ndili pamzere wa palafini. Malaya achikasu, buluku la revo, jekete ya kodoroyi yomwe ndinangoitulutsa kuti ipitidwe mphepo. Mapegi anasiya, ataika bwinobwino pamwala.

Kukanena kupolisi sindingathe. Adzati mwini zovala abwere adzafotokoze.

Mai Augusta akuti, "Hector haana kunzwa mbavha?" Kuti kodi sanamumve wakubayo. Ndati anali mtulo. Akuti mwana ameneyo amagona.

M'wadiropu mahang'ala opanda kanthu akugundana ndikatsegula. Ndalira ngati kwagwa maliro. A Zakaria akuti ndi nsalu chabe. Iwowo ndawapeza akununkhiza chipewa.

Lachisanu, 3 Novembala.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndikhulupirira.

M'mawa wapolisi wa njinga pageti. "Ndimi Mai Hector Kaphuka? Mwana wenyu tinaye." Akuti mwana wanga ali m'manja mwawo. Ndinati amugwira kumalire, amumenya, koma ali moyo, ali moyo. Ndinakulunga buledi ndi bulangete. A Zakaria anali asananyamuke, anatenga chitupa cha m'dilowa, tinapita, iwo akutsimphina.

Anamutulutsa. Kamunthu kafupi, dazi mpaka pankhongo, mano akutsogolo kulibe, imvi m'ndevu. Malaya achikasu. Buluku la revo lopindapinda kumiyendo, likusesabe pansi. Jekete manja ake akubisa zala.

Anamupeza atagona pokwerera basi, wopanda chitupa. Pakolala pali H. KAPHUKA, ulusi wofiira, dzanja langa. Ndinazolowera kusoka dzina pa chovala chilichonse kuyambira mwanayo ali kusukulu yogonera. Anamufunsa kuti ndiwe Kaphuka, iye n'kuvomera. Ku ofesi ya kanselo anawapatsa nambala ya nyumba.

Patebulo kamnyamata kachizungu, msinkhu wa Hector weniweni, maso pa mapepala. Sanadzutse mutu. "Uyu ndi mwana wanu?"

Ndikati ayi, afunsa kuti nanga wanu ali kuti. Ndikati inde, ndabereka nkhalamba. Wakuba akundiyang'ana, ine ndikumuyang'ana. Kenako anagwada pasimenti, manja pamodzi. "Amayi, pepani." Chinyanja cha ku Tete.

A Zakaria anapita pafupi n'kumuwomba mbama yomveka mpaka panja. "Ukutichititsa manyazi, Hector." Anaponya chitupa patebulo. Ndi chakale chija chopanda chithunzi. Mzungu anadinda pepala. Azibwera kudzasayina Lachisanu lililonse mpaka atamuuza kuti basi.

Wapolisi wa njinga anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, "Akafanana nababa." Kuti wafanana ndi abambo ake. A Zakaria mpaka pano chikuwawawa n'chimenecho.

Tinabwerera atatu. Buledi anadya m'njira.

Loweruka, 4 Novembala.

Dzina lake ndi Adriano. Kwawo kufupi ndi Zobwe. Anathawa nkhondo ya Apwitikizi, anakalowa papulazi ya fodya kuno, nkhondo inamupezanso komweko, mzungu anatseka geti n'kupita ku Joni. Mapepala anapsa ndi komboni. Zaka zake sadziwa. Akuti pa njala yaikulu ija anali akuweta kale mbuzi. Ine pa njala ija ndinali kamtsikana kotunga madzi. Ndiye mwana wangayu tinabadwa mvula imodzi.

Ndinamufunsa chifukwa chake anasankha chingwe changa. Akuti zovala za pamenepo zinkaoneka kuti mwini wake sakuzifuna msanga.

A Zakaria amafuna achoke lero. Achoke bwanji? Lachisanu akapanda kusayina, njinga ibweranso. Tamupatsa bedi la Hector. Mapazi sakufika n'kumapeto komwe.

A Zakaria akuti mbama ija inali ya malaya, ya buluku ikubwera.

Lachinayi, 9 Novembala.

Ndadula mabuluku. Panalibe kuchitira mwina, munthu sangamapite kupolisi akukoka nsalu m'fumbi. Ndinamuimika pampando, mapini m'kamwa. Lumo litagwira nsalu koyamba ndinamva ngati ndikudula mwendo. Zidutswa ndasunga m'pilo, sindikudziwa kuti n'zachiyani.

Wadiropu ndakonzanso. Zimene zikumukwana pansi, poti afike. Zimene sindikufuna akhudze pamwamba: suti ya chikonfirimesheni, tayi ya kusukulu, malaya oyera aja anajambulitsa nawo. Pamwamba safikapo ngakhale atanyanyamphira. Mulungu anandiganizira pamenepo.

A Zakaria akumuphunzitsa kusayina. Hector anali ndi Fomu 4, sangadinde chala. Adriano akujambula H ngati makwerero, lilime panja. Akuti dzina lake lenileni sanalilembepo, ayambira la eni.

Madzulo Adriano anatuluka kukathirira pomwe panali repu. A Alufandika anasiya wailesi, anawoloka msewu, anaima pageti.

"Hector, wachira maso?"

"Ndachira, bambo."

"Wafupika."

"Ndi kupolisi, bambo."

A Alufandika anagwedeza mutu. "Kumafupikitsa kumene kuja." Anabwerera kuwailesi. Ine kuseri kwa katani thukuta lili kamukamu. Ngati amagulitsa, bwanji sanatigulitse? Ngati sagulitsa, ndinathyoletsa amuna anga mwendo chifukwa chiyani?

Lamulungu, 19 Novembala.

Kutchalitchi sitimutenga. Tati maso achira koma matenda atsikira m'miyendo.

Mai Augusta amamutcha "Hector mukuru". Safunsa kanthu. Anamupatsa chipewa cha malemu amuna awo, akuti dazi pa mwana wasukulu silioneka bwino.

Adriano amadya. Mayo, amadya. Koma wakonza chitseko cha wadiropu chimene chakhala chikutseguka chokha chibadwire Hector, wapachika galasi lake lomwe linagwa, waika mwala pansi pa mwendo wofupika. Amapinda malaya kuposa ine. Akuti papulazi ankasita za adona.

Amati "amayi" ngakhale tili awiri m'khitchini. Ndinamuuza kuti m'nyumba angathe kusiya. Akuti akasiya m'nyumba adzaiwala panja.

Lachiwiri, 12 Disembala.

Matanki a petulo ku Southerton akuyaka chiyambire dzulo. Utsi wakuda kutseka dzuwa. Anthu m'misewu akuyang'ana kumwamba, nkhope zosaseka, koma mapazi akuvina okha.

Ndinali nditayanika. Zonse mwaye. Mashiti a pabedi, malaya oyera a kuhotelo, zonse. Ndachapanso, zadanso.

Mai Augusta pampanda, chapansipansi: "Vakomana." Anyamata. Ndinayang'ana utsi uja n'kuganiza, kapena ali pafupi, kapena anadutsa pamsewu wathu, anaona malaya ake pamsana pa nkhalamba ya dazi ikuthirira matimati. Akanati chiyani? Amayi andisintha?

Asilikali nyumba ndi nyumba masana. Anawerenga mitu, anaona khadi la nyumba. Atatu, atatu. Mmodzi anatsegula wadiropu ndi mphuno ya mfuti, anayang'ana mashelefu, akuti kwa amayi ake kulibe dongosolo lotere. Anatseka bwinobwino.

Adriano anakhala pabedi akugwira buku la Hector la jogalafe. Chadodolido. Sanaone.

Khirisimasi.

Mpunga, nkhuku. Mbale zitatu.

A Zakaria popemphera anati, "Mukumbukire mwana wathu kumene ali." Adriano anati amen mokweza kuposa tonse. Kenako anapita kuseri, anakhalako nthawi. Ali ndi mwana wamkazi kwinakwake, anasiyana pa mlatho. Ndangomva lero.

Lachiwiri, 16 Januwale 1979.

Envulopu ya khaki. Boma layamba kuitana ana a anthu akuda amene anafika sekondale. Hector Kaphuka akaonekere kukapimidwa, akalowe usilikali.

A Zakaria anawerenga kawiri, anavula magalasi, anatuluka, anabweranso, anawerenganso.

Akapanda kupita, adzamufuna. Akathawa, tabwerera pomwe tinayambira, ndipo tsopano tili ndi bodza pamwamba. Akapita n'kumutenga, amupatsa mfuti, amutumiza kutchire kukasaka Hector. Hector kusaka Hector. Wina akaphedwa, kalata idzabwera kuno ndi dzina lomwelo, ine osadziwa kuti ndilire uti.

Adriano anayang'ana malaya amene wavala. Kenako akuti, "Nkhondo ziwiri ndazithawa wopanda dzina. Yachitatu yandipeza chifukwa cha malaya." Anaseka yekha. Ndinamuuza kuti akafuna apite, sitimugwira, tiona chochita. Akuti apite atavala chiyani, zake zija anataya pokwerera basi.

Sanapite.

Lamulungu, 21 Januwale.

Tsiku lonse patsogolo pa wadiropu, atatu, chitseko cha chipinda chotseka. Avale chiyani? Aoneke mwana kuti akhulupirire kuti ndi Hector. Aoneke wodwala kuti amukane. Ziwirizi pa thupi limodzi.

A Zakaria akuti yunifolomu ya sukulu. Tinayesa. Kabudula ndi dazi, ngati chilombo cha kudambwe. Ine ndinati suti ya chikonfirimesheni, ndinaitsitsa ndekha pamwamba paja. Mapewa analendewera, anaoneka ngati mtembo wobwereka. A Zakaria akuti ndi zomwezo tikufuna.

Ndevu tameta. Imvi za m'mbali tadetsa ndi polishi ya nsapato. Kukatentha isungunuka, ndiye ayende mumthunzi. A Zakaria amuphunzitsa chaka chobadwa, dzina la sukulu, dzina la ahedi, ndi mawu achizungu atatu. Akuti akamufunsa zambiri azitsokomola. Chifuwa ali nacho kale cha mabani a fodya, sichofuna kuphunzitsa.

Suti sindinadule. Ndapinda mkati ndi ulusi woti n'kusomola.

Lachiwiri, 23 Januwale.

Anapita m'mawa ndi a Zakaria. Ine ndinatulutsa zonse m'wadiropu, ndinapukuta mashelefu, ndinayala nyuzipepala zatsopano, ndinaika mankhwala a njenjete, ndinabwezera. Nditamaliza ndinatulutsanso.

Abwera dzuwa likulowa. Polishi yatsikira m'makutu mpaka pakolala.

Amukana.

Akuti anawavula onse, mzere wa anyamata osalala, iye pakati. Dokotala anafika pa iye, anayang'ana pepala, anayang'ana munthu. Anamutsegula kukamwa. Anamvetsera chifuwa, anachotsa chomvetseracho m'makutu n'kuchigogoda, anamvetseranso. Anafunsa kudzera mwa womasulira kuti zaka zimene zalembedwazi n'zoona? Adriano akuti, "Ndi ulova, bwana. Umakalambitsa." Womasulira anamasulira osaseka. Kumbuyo mzere unali wautali, dokotala analemba msangamsanga.

Pepala lili pano. A Zakaria andimasulira. Hector Kaphuka: chifuwa choola, mano osakwana, mapazi aphwatalala, khutu limodzi logontha, msana wopindika. Sangathe nkhondo.

A Zakaria anavina m'khitchini ndi mwendo wawo uja. Anamukumbatira Adriano. Akuti mbama ya buluku yakhululukidwa.

Ine ndinakwiya, sindikudziwa chifukwa chake. Mwana wanga ankathamanga mitunda kusukulu, anabwera ndi kapu ya mpikisano. Mano ake onse, oyera, sanadwalepo dzino. Ndani wawauza kuti alembe zoterozo pa dzina lake? Ndinanena mokweza. Onse awiri anandiyang'ana. Kenako ndinayamba kuseka mpaka ndinakhala pansi pasimenti, ndipo kusekako sikunathere pa kuseka.

Kolala ya suti sikuyera. Ndayesa mandimu.

Lachisanu, 2 Febuluwale.

Kupolisi amuuza Adriano kuti asabwerenso, buku losayinamo ladzaza. Wakhumudwa. Akuti H anali atayamba kumukhoza.

Ndiye ndi womasuka. Wapita kukathirira.

Loweruka, 17 Febuluwale.

Wapeza ganyu kumsika, kutsitsa matumba a mbatata. Ndi msana womwe boma linaukana.

Lero wabwera ndi kathumba. Buluku la khaki lolimba, juzi yakuda ya ubweya, lamba wachikopa, zakaunjika koma zabwino. Zake. Bulukulo ndi lalitali, akuti linalipo lomwelo. Ndinatenga lumo, anakana. Akuti lake lisadulidwe, azipinda, mwina adzakula.

Anafunsa poti aike. Ndachotsa mashiti pashelefu yapansi, ndamupatsa yonse. Anayala zinthu zitatuzo motalikirana kuti shelefu ioneke yodzaza. Amatsegula, kuyang'ana, kutseka. A Zakaria akuti chitseko chimene anakonza yekha achithyolanso yekha.

Ndinamufunsa ngati ndisokepo dzina. Anaganiza. Akuti ayi, dzina pakolala limabweretsa makolo.

Lachinayi, 1 Malichi.

Mayi wogulitsa matimati, wa ku Mutoko, dengu pamutu. Ndinati tili nawo athu. Anati awa ndi ena, ndione ndili mkati. Analowa, anakhala pansi, anapempha madzi. Anayang'ana Adriano. Ndinati ndi wa m'nyumba.

Akuti kwawo kunadutsa anyamata. Mmodzi wamtali, khosi lalitali, Chishona chake chopindika, anzake amamuseka. Anamuuza mzere ndi nambala ya nyumba. Akuti mukawauze amayi kuti ndili bwino, ndipo buluku landithera, ndikuyenda matako pamtunda. Atumize limodzi. Asatumize la revo.

Ali moyo. Mwezi wathawu anali moyo, akudandaula za buluku.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji kuwadiropu. Ndinatsegula, ndinayamba kukoka mahang'ala. Lodulidwa. Lodulidwa. Lodulidwa. Onse ndinadula ndekha, akhoza kumufika m'mawondo. La suti ndi lopyapyala, minga ingalimalize tsiku limodzi. Mabuluku a abambo ake angalowemo ndi mnzake. Ndinaima pakati pa mulu wa zovala zake, wadiropu yodzaza, wopanda chomutumizira.

Adriano anagwada pashelefu yake. Anatulutsa la khaki lija, sanalivalepo, amadikira Pasaka. Anaika lamba pamwamba. Juzi anaigwira, anaibweza, anaitenganso n'kuika.

"Ndinabwereka zambiri," akuti. Ndinati juzi asiye. Akuti kumapiri kuja amakudziwa, Juni akubwera.

Mayi uja akuti zonse zikwana pansi pa matimati, koma tifulumire, basi ya ku Mutoko siyembekeza. Ndinamufunsa kuti Hector m'chiuno ali bwanji tsopano, ndidziwe pobweza. Anaika kapu pansi, anakweza manja, anawayandikizitsa. Ndinati ayi mayi, mwana wanga ndi wamkulu. Anawayandikizitsanso pang'ono.

Adriano ali panja akuwotcha msomali pambaula, tiboole lamba. Ine ulusi ukukana kulowa pa singano. Ndaitana Mai Augusta adzandilowetsere, sanafunse kanthu, abwera ndi masokosi a malemu amuna awo.